Lipoti la kukonza sikuludiraiva ya racheti imene inkadumpha pomasula

Lipoti ili likufotokoza za sikuludiraiva imodzi ya racheti (yamtundu umene umagwira poipotozera mbali imodzi n'kubwerera momasuka mbali inayo) imene inabweretsedwa pamalo anga okonzera zida mumzinda wa Blantyre ndi makaniko wina amene ntchito yake yambiri ndi ya galimoto zakale zochokera ku Japan. Ndalembera makamaka anzanga okonza zida za amisiri, amene kawirikawiri amafunsidwa ngati kachitsulo kochotsedwa m'chida cha kampani ina kangagwire ntchito m'chida cha kampani inanso. Dzina la mwini chidacho ndiponso la kampani imene inachipanga sindiwatchula, popeza vutoli silinachokere ku fakitale koma ku kagwiritsidwe ntchito.

Mmene vuto linayambira

Mwini wake anagula sikuludiraivayi kwa mnzake ku Johannesburg pa nthawi imene ankagwira ntchito m'galaja ina kumeneko, ndipo inali itagwira kale ntchito zaka zingapo. Chizindikiro choyamba chinali kusintha kwa kaliridwe: racheti imene kale inkalira momveka bwino inayamba kulira mofooka, ndipo m'mawa wa m'nyengo yozizira nthawi zina sinkalira n'komwe. Iye sanachitepo kanthu chifukwa chidacho chinkamangabe ndi kumasula. Patapita miyezi ingapo chinayamba kudumpha akamamasula sikuluwu yolimba, ndipo tsiku limene chinadumpha mpaka dzanja lake kukamenya chitsulo cha injini ndi limene anaganiza zochibweretsa.

Kwa amene sanatsegulepo chida chamtundu uwu, m'kati mwake muli zinthu zochepa kwambiri. Pali giya ya mano imene imayendera limodzi ndi shafiti, pali timalilime tiwiri tachitsulo timene timakola manowo, kamodzi pomanga ndipo kanzake pomasula, pali sipuling'i yokankhira timalilimeto ku giya, komanso mphete yosinthira mbali imene imakhala kunja. Mpheteyo ikatembenuzidwa imanyamula kalilime kamodzi n'kusiya kanzake kakugwira, ndipo ikakhala pakati timalilime tonse tiwiri timagwira, chidacho n'kukhala ngati sikuludiraiva wamba yosazungulira.

Zimene zinapezeka chida chisanatsegulidwe

Ndimalimbikitsa kuti chida chiyesedwe chisanamasulidwe, chifukwa chikangomasulidwa umboni wina umatayika. Ndinamanga biti (kachitsulo kakunsonga kolowa m'mutu wa sikuluwu) pa vaisi yopanira zitsulo, n'kuvekapo sikuludiraivayo, kenako ndinaipotoza ndi mphamvu pamalo onse atatu a mphete. Pomanga inagwira bwino lomwe. Pomasula inadumpha. Mphete ili pakati inagwira kumbali yomanga koma inadumphanso kumbali yomasula. Zimenezi zinachotsa mphete pa mndandanda wa zokayikitsa, pakuti mphete ikadakhala kuti ndiyo ikulephera kutsitsa kalilime pamalo omasulira, chidacho chikadagwira mbali zonse ziwiri pamene mpheteyo ili pakati. Vuto linali pa kalilime komasulira, pa sipuling'i yake, kapena pa mbali ya mano imene kalilimeko kamatsamira.

Pofuna kusiyanitsa zitatuzi ndinalemba mzere ndi maka pa shafiti ndipo ndinayesa kumasula shafitiyo ili pamalo osiyanasiyana. Inkadumpha paliponse, koma panali chigawo chimodzi pamene inkadumpha ngakhale ndi mphamvu yochepa. Kudumpha paliponse kumaloza kalilime, pamene kudumpha pamalo amodzi kumaloza mano a giya, choncho ndinadziwiratu kuti zonse ziwiri zawonongeka. Kunja kwa chida kunalinso zizindikiro zimene zinafotokoza mbiri yake: chogwirira chinali ndi zipsera za mano a pulayala yotseka, ndipo chivundikiro chakumbuyo chinali chophwanyika m'mphepete monga chimachitira chinthu chomenyedwa ndi hamala.

Zimene zinapezeka m'kati

Ndinamasulira chidacho m'kati mwa pepala la pulasitiki loonekera, chifukwa sipuling'i ndi kampira kachitsulo kamene kamaimitsa mphete pamalo ake zimauluka zikangomasuka, ndipo zikagwera pansi pa malo ogwirira ntchito sizipezekanso. Ndinajambula ndi foni gawo lililonse ndisanachotse kanthu. M'katimo munali girisi wakuda, wouma, wosakanikirana ndi fumbi. Mwini wake anavomereza kuti chida chitayamba kulira mofooka anathiramo girisi wa mabering'i a mawilo, poganiza kuti chauma.

Apa ndi pamene panagona chiyambi cha zonse. Sipuling'i ya m'chida choterechi ndi yofooka mwadala, kuti racheti izibwerera mopepuka osamasulanso sikuluwu imene yangoyamba kulowa. Girisi wolemera amaposa mphamvu ya sipuling'iyo, makamaka kukazizira, moti kalilime sikafika pansi pa dzino koma kamangogwira ndi nsonga yokha. Mphamvu imene imayenera kugawika pa nkhope yonse ya kalilime imadzaunjikana pa kansonga kameneko. Nditatsuka zonse ndi palafini n'kuyang'ana ndi galasi lokulitsira zinthu, ndinapeza kuti nsonga ya kalilime komasulira yabenthuka, ndipo mano angapo oyandikana a giya abunthika kumbali imodzi. Kalilime komangira kanali bwino, sipuling'i inali isanathyoke ngakhale inali yotopa.

Nditamufunsa za pulayala ndi hamala, mwini wake anati: "Achimwene, masikuluwu a galimoto zakalezi akachita dzimbiri samva, ndiye umangofunika kuwawonjezera mphamvu." Ndinapempha kuona mabiti ake, ndipo onse a mtanda anali a Phillips, ambiri otha nsonga. Masikuluwu ambiri a pa galimoto ndi njinga zamoto za ku Japan anapangidwa motsatira muyezo wa dzikolo wa JIS, ndipo ena amadziwika ndi kadontho kamodzi pamutu. Mtanda wake umafanana ndi wa Phillips pouona, koma biti ya Phillips sikhazikika bwino m'menemo, imakwera n'kutuluka ikapotozedwa mwamphamvu. Munthu akaona biti ikutuluka amakankha kwambiri, kenako amatenga pulayala, pomaliza hamala, ndipo katundu yense ameneyu amakathera pa kalilime kakang'ono kamene kale komwe kakugwira ndi nsonga yokha.

Njira zimene zinalipo

Njira yoyamba inali kutsuka, kuthira oilo wopepuka ndi kubwezeretsa zonse. Ndinachita zimenezi pofuna kuona kuti girisi yekha anali ndi gawo lalikulu bwanji pa vutoli. Kulira kunabwerera mwakale, koma pa vaisi chidacho chinadumphabe pomasula, choncho kutsuka kokha sikunali kokwanira. Njira yachiwiri inali kusinthanitsa timalilime tiwirito, chinthu chimene chimatheka pa zida zina pamene timalilime tonse ndi tofanana. Pa chida ichi kamodzi kanali kakumanja ndipo kena kakumanzere, moti kamodzi sikakanalowa m'malo mwa kanzake, ndiponso kusinthanitsa kukadangosamutsira vuto kumbali yomanga.

Kusula kalilime katsopano ndi tupa ndinakukana, ngakhale ndikudziwa kuti amisiri ena amatero pogwiritsa ntchito chidutswa cha sowo ya zitsulo. Chitsulo chofewa chimapindika msanga, chouma mopitirira chimadya mano a giya kapena kuthyoka mwadzidzidzi, ndipo kulimbitsa kachitsulo kakang'ono chotere pamoto wa makala n'kongoyerekeza. Pa chida chotsika mtengo chogwiritsa ntchito kunyumba ndikhoza kuvomera, koma osati pa chida cha munthu amene dzanja lake limakhala pakati pa zitsulo za injini tsiku lonse. Kuwotcherera mano a giya ndinakukananso chifukwa moto ukadafewetsa mano ena onse.

Kuitanitsa masipeya enieni kuchokera kunja kunali kotheka, koma mwini wake atawerengera mtengo wa masipeyawo, wotumizira ndi msonkho, pamodzi ndi kuvuta kopeza ndalama zakunja, anaona kuti sangakwanitse. Kuyambira pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, makasitomala ambiri amene kale ankaitanitsa zinthu zotere amasankha kufunafuna chida china chakufa choti achotsemo masipeya. Ndiyo njira imene tinatsala nayo.

Chimene chili chofanana ndi chimene sichili chofanana

Chisokonezo chachikulu pa nkhani imeneyi chimachokera pa biti. Biti ya makona 6 imene timaidziwa tonse ndi ya kota ya inchi, kapena kuti mamilimita 6.35, ndipo inaikidwa pa muyezo wa ISO 1173 komanso DIN 3126 wa ku Germany. N'chifukwa chake biti ya kampani ya Wera imalowa m'chida cha kampani ya Stanley, ndipo ya Wiha imalowa m'chida cha Bahco popanda vuto. Amisiri akaona zimenezi amaganiza kuti m'kati namo ndi chimodzimodzi, pamene muyezowo umathera pakamwa pa shafiti. Kuchuluka kwa mano a giya, kupendekeka kwa dzino, kunenepa kwa kalilime, mphamvu ya sipuling'i ndi kamangidwe ka mphete, kampani iliyonse imapanga mmene yafunira. Ngakhale mbali yotembenuzira mphete siifanana: pa zida zina imatembenuzidwira kumene sikuluwu ikupita, pa zina mosemphana.

Chisokonezo chachiwiri ndi cha umwini wa makampani. Snap-on ya ku Kenosha m'chigawo cha Wisconsin inagula J.H. Williams mu 1993 ndiponso Bahco mu 1999. Stanley inaphatikizana ndi Black & Decker mu 2010, ndipo pansi pake pali Facom, Proto, Mac Tools komanso Craftsman imene inagulidwa mu 2017. GearWrench ndi Crescent zili pansi pa Apex Tool Group. Palinso mafakitale a ku Taiwan ndi ku China amene amapangira zida makampani ambiri, aliyense n'kudindapo dzina lake. Kudziwa zimenezi n'kothandiza chifukwa kumasonyeza koyambira kufufuza, koma si chitsimikizo, pakuti ana a bere limodzi safanana phazi. Kampani imodzimodziyo imathanso kusintha za m'kati pakapita zaka koma maonekedwe akunja osasintha.

Chida choyamba chochotsamo masipeya

Mwini wake anabweretsa sikuludiraiva ina imene anaipeza pamsika, yofanana kwambiri ndi yakeyo pa kukula, pa kaumbidwe ka chogwirira ndi pa mphete, ngakhale inalibe dzina lodziwika. Iye anali wotsimikiza kuti yapezeka. Nditaitsegula, kalilime kake komasulira kanalowadi m'malo mwa kobenthuka kaja, ndipo chida chitamangidwa chinalira bwino ndi kugwira pochipotoza ndi zala. Pamenepa ndi pamene ntchito zambiri zotere zimalakwikira, chifukwa kasitomala amamva kulira n'kukhutira, mmisiri n'kulandira ndalama.

Ndisanavomereze ndinayesa kakhudzidwe ka zitsulo ziwirizo. Ndinapaka inki ya maka pa nkhope ya kalilime, ndinamanga chida, ndinachipotoza pang'ono pa vaisi, kenako ndinamasula kuti ndione pamene inki yafufutika. Inali itafufutika pa kamzere kopyapyala ka pansonga pokha, nkhope yonse ili yakuda. Nditawerenga mano, giya ya chida cha pamsikacho inali ndi mano ambiri komanso ang'onoang'ono kuposa giya yathu. Masamu ake ndi osavuta: giya ya mano 36 imasuntha madigiri 10 pa dzino lililonse, pamene ya mano 72 imasuntha madigiri 5, ndipo kalilime kalikonse kamasemedwa molingana ndi kuzama ndi kupendekeka kwa dzino la giya yake. Kalilime kosemedwera mano aang'ono kakaikidwa pa mano aakulu kamagwira ndi nsonga yokha, ndiye kuti tikadabwezeretsa vuto lomwe lija limene girisi anayambitsa, koma tsopano losachotseka ndi palafini.

Ndinayesanso ngati giya yonse ya chidacho ingasamutsidwe pamodzi ndi timalilime take. Veniya, chida choyezera kukula kwa zitsulo, inasonyeza kuti giyayo inali yocheperako m'mimba mwake, moti ikadagwedera m'chibowo cha chida chathu. Ndinamufotokozera mwini wake zimene inkiyo inasonyeza, ndipo ngakhale sanakondwe, anavomera kuti tidikire.

Chida chachiwiri

Patapita nthawi mmisiri mnzanga wa ku Limbe anandipatsa sikuludiraiva ya racheti imene chogwirira chake chinang'aluka itapondedwa ndi galimoto. Dzina lake linali lina, mtundu wake wina, ndipo poyang'ana kunja sinkafanana ndi yathu monga inkafananira ya pamsika ija. Chimene chinandipangitsa kuitsegula ndi chakuti kampani yake ili pansi pa mwini mmodzi ndi kampani ya chida chathu. Ndinayeza zinthu motsatizana: kuchuluka kwa mano, kukula kwa giya m'mimba mwake, kutalika kwa mano, kunenepa ndi kutalika kwa timalilime, ndi malo a kangalande kamene kilipu yogwira shafiti imakhalamo. Zonse zinagwirizana kupatula ziwiri: shafiti inali yaifupiko, ndipo mphete yake inali ndi mabowo a kampira pamalo ena.

Chisankho chachikulu chinali pakati pa kusintha kalilime kokha kapena kusamutsa zonse. Mwini wake ankafuna kalilime kokha kuti shafiti yake yaitali isachoke, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake, popeza pali masikuluwu a pansi pa dashibodi amene safikika ndi shafiti yaifupi. Komabe giya yake inali ndi mano obunthika, ndipo kalilime kabwino kakamadutsa pa mano otere kamagwira mosakwanira paliponse pamene kafika pa chigawocho, n'kuyamba kubenthuka pang'onopang'ono. Giya ndi timalilime take zimathera limodzi ndipo zimazolowerana, choncho ndinasamutsa giya ndi shafiti yake, timalilime tonse tiwiri ndi sipuling'i, n'kusiya chogwirira, mphete ndi kampira za chida choyambirira. Ngakhale kalilime komangira kanali kabwino ndinakachotsa, chifukwa kanazolowera giya yakale.

Zitamangidwa panatsala kugwedera pang'ono kwa shafiti kutsogolo ndi kumbuyo, kumene ndinakuthetsa ndi washala yopyapyala kuseri kwa kilipu. Kugwedera kumeneku ena amakunyalanyaza, koma kumachititsa kuti kalilime kazigwira dzino ndi gawo chabe la m'lifupi mwake. Ndinabwereza kuyesa ndi inki, ndipo ulendo uno inafufutika pa nkhope pafupifupi yonse ya timalilime tonse tiwiri. Ndinathira madontho ochepa a oilo wa makina osokera, osati girisi, kenako ndinayesa pa vaisi pamalo onse atatu a mphete ndiponso shafiti ili pamalo osiyanasiyana. Sichinadumphe paliponse.

Za mabiti ndi kagwiritsidwe ntchito

Kubweza chida chokonzedwa kwa munthu amene adzachigwiritsanso ntchito monga kale n'kungochedwetsa kuwonongeka kwake, choncho tinakambirana nthawi yaitali za mabiti. Ndinamulangiza kutaya mabiti otha nsonga, kupeza mabiti ogwirizana ndi masikuluwu a ku Japan monga amene kampani ya Vessel ya ku Osaka imapanga, ndiponso kusiyanitsa Phillips ndi Pozidriv, imene sikuluwu yake imakhala ndi timizere tinayi pakati pa mikono ya mtanda. Pa sikuluwu yadzimbiri, chida choyenera ndi chomasulira chomenya ndi hamala, chimene chinapangidwira ntchitoyo, ndipo racheti ibwere sikuluwu itagwedezeka kale. Ena amaganiza kuti kuika mphete pakati kumateteza racheti, koma ngakhale pamenepo mphamvu yonse yomasulira imadutsabe pa kalilime kamodzi komweko.

Anandifunsanso za mabiti aatali amene anali nawo, ena mwa iwo ochokera ku Japan. Mabiti otere amakhala ndi kangalande kogwirira, ndipo pa a ku Japan kangalandeko kali pa mamilimita 13 kuchokera kumapeto, pamene pa ena ambiri kali pa mamilimita 9.5. Kusiyanaku kumavutitsa pa zida zimene zimatseka biti ndi kampira, koma shafiti imene tinaika imagwira biti ndi maginito, choncho onse amalowa bwinobwino. Anzanga amene amalandira zida za akalipentala achikulire akumbukire kuti sikuludiraiva yokankha ya Yankee, imene inkapangidwa ndi North Brothers ya ku Philadelphia kampaniyo isanagulidwe ndi Stanley mu 1946, ili ndi mabiti akeake obulungira okhala ndi kamphako, ndipo biti ya makona 6 silowamo popanda cholumikizira.

Zotsatira

Mwini wake anabweretsanso chidacho patapita miyezi ingapo monga tinapanganirana, kuti ndichitsegule ndi kuona mmene zitsulo zikukhalirana. Mano a giya anali owala mofanana kuzungulira konse, nsonga za timalilime zinali zathunthu, ndipo washala ija sinasonyeze kudyeka. Munali fumbi lochuluka ndithu, pakuti galaja yake ndi ya pabwalo, choncho ndinatsuka ndi kuthiranso oilo, n'kumulangiza kuti azichita zimenezi kawiri kapena katatu pachaka, makamaka m'miyezi ya fumbi mvula isanayambe. Chogwirira chinalibe zipsera zatsopano za pulayala, ndipo iye anali atagula chomasulira chomenya ndi hamala.

Dandaulo limene linatsala ndi la kufupika kwa shafiti. Tinalithetsa ndi cholumikizira cha mamilimita 6.35 chowonjezera kutalika, chimene chimagwedera pang'ono ndipo nthawi zina chimatsalira pa sikuluwu pochotsa chida, koma chimafika pansi pa dashibodi. Shafiti yaitali yakale ndinamubwezera kuti aisunge, ndipo tinagwirizana kuti chida china chamtundu womwewo chokhala ndi shafiti yaitali chikadzapezeka, tidzayezanso mano, timalilime ndi malo a kilipu tisanasamutse chilichonse.